Kiyi Amene Atate Anasunga

Zikomo apampando, zikomo abale ndi alongo. Ine ndine Yotamu. Ena a inu mumandidziwa kale, koma kumene tinadziwanirako sinditchula, poti kumbuyoko kwakhala amayi a mpingo amene atiphikira tiyi. Ndaona ena mwaweramitsa mitu. Musaope, lero ndadzanena zanga zokha.

Ndine mwana wa mphunzitsi. Atate anaphunzitsa mpaka choko chinawayeretsa zala, kenaka atapuma anakakhazikika ku Madzimoyo n'kumalima mtedza. Kwathu mowa sunkalowa, ngakhale thobwa likagonera amayi ankalitaya. Atate sanali munthu wofuula. Mawu awo anali apansipansi, ndipo asananene chilichonse, kaya ndi pemphero kaya ndi mlandu wa mbuzi, ankayamba akhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Tiyeni tione bwino." Ana asukulu ankawaseka nazo kuseri. Ine lero ndikanapereka chilichonse kuti ndiwamvenso akunena mawu amenewo.

Ndinaphunzira za makompyuta, n'kupeza ntchito pa kabungwe kena kakang'ono m'tauni muno. Ntchito yathu inali yojambula mawu a okalamba. Tinkazungulira midzi, ku Mtenguleni, ku Madzimoyo ndi kwina, kuyika kamakina patsogolo pa nkhalamba kuti isimbe moyo wake. Ena ankaimba nyimbo zimene ife sitinazimvepo. Ena ankasimba za ku migodi. Koma ambiri, akazolowera kamakinako, ankatsitsa mawu n'kuyamba kunena za kumtima: mwana amene anabadwa kunja, malire a munda, munthu amene anamulakwira osapepesa. Ndiye tinapangana nawo pangano. Mawuwo sadzawamva wina aliyense, koma a banja lawo okha, ndipo ena anati adzamvedwe iwo atapita.

Panali komiti ya akuluakulu yoyang'anira panganolo, ndipo wapampando wake anali atate. Tsiku lina pamsonkhano anandifunsa, pamaso pa onse, ngati mwana wa sitandade thuu.

"Yotamu, mawu onsewa uwasunga kuti?"

"Pa kilaudi, atate."

"Tiyeni tione bwino. Kilaudiyo ndi ya yani?"

Ndinawafotokozera kuti ndi makompyuta akuluakulu a kampani ina kutsidya kwa nyanja, amene anthu amachita lendi n'kumasungamo zinthu kudzera pa intaneti. Moto, chiswe ndi akuba sizifikako.

"Ndiye utenge mawu a anthu okalamba ukaike m'nyumba ya lendi?"

"Timakiya, atate. Fayilo iliyonse imasokonezedwa, moti wopanda kiyi akatsegula amangoona zinyalala."

"Kiyiyo asunga ndani? Mwini nyumba?"

Pamenepo anandigwira. Inu amene mumagulitsa ku msika wa Kapata mundimvetsa. Ukachita lendi chipinda chosungiramo katundu, pali njira ziwiri: kugwiritsa ntchito loko wa mwini chipinda, kapena kubwera ndi wako. Pa kilaudi n'chimodzimodzi. Eni ake akhoza kukupangira kiyi n'kumakusungira, kapena upange wekha kuno n'kumutumiza kwa iwo. Kiyiyo si wachitsulo, ndi mndandanda wautali wa manambala umene munthu sangaloweze. Potumiza amakupatsa chokulungira chapadera kuti panjira wina asamuone. Akafika, makina awo amatsegulira ndi kutsekera zinthu zako, koma ngakhale iwe mwini sungamutulutsemonso. Ndipo amakuuza poyera, m'Chingelezi chosavuta: kiyi weniweni usunge wekha kwanu, ukataya usadzatilirire.

Komiti inasankha kiyi wathu. Inenso ndinakondwa, chifukwa zinali zoti ndizidzitama nazo ku misonkhano ya ku Lusaka. Ndinawonjezanso nzeru zanga. Ndinatchera kuti kiyi amene ali pa kilaudiyo azitha mphamvu chaka chikatha, ngati kusiyira mlonda kiyi wa sipeya n'kumuuza kuti tsiku lakuti likakwana aponye m'chimbudzi. Cholinga chinali chabwino: ngati kabungweko katagwa, mawu a anthu asatsale otsegula m'manja mwa alendo. Ntchito yanga inali yoti chaka chilichonse ndizitumizanso kiyi yemweyo. Yemweyo, abale, osati watsopano. Watsopano satsegula zimene wakale anatseka.

Komiti inati kiyi akhale m'manja mwa anthu atatu. Ine ndinati awiri akwanira, ambiri amataya. Mmodzi ndinaika pa laputopu yanga. Winayo ndinaika pa kafulashi, kachipangizo kosungira mafayilo kakang'ono ngati chala cha mwana, n'kupereka kwa atate. Timakadi ta m'makina ojambulira tinkatifufuta tikangotumiza mawu, monga mwa pangano, kuti pasakhale mawu a munthu oyendayenda m'zikwama.

Atate anakalandira kafulashiko ndi manja awiri ngati mkate wa mgonero. Anapempha amayi kuti asoke kathumba m'kati mwa jekete lawo lakuda la ku tchalitchi, cha pamtima apa, n'kukasokerera momwemo. Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Ndisunga mpaka mwini wake adzatenge yekha," anatero. "Wina aliyense sindimupatsa, ngakhale inu amake Yotamu."

Atatenso tinawajambula. Ndinawajambula ndine, pakhonde kwathu. Anasimba za sukulu ya mishoni, za mmene anayendera pansi kukafunsira amayi, anaimbanso nyimbo imodzi. Pafupi kumaliza anakhosomola n'kunena kuti, "Siya makinawa akuyenda, iwe tapita ukaone ngati mbuzi zamwa madzi. Ndili ndi mawu ako, koma udzamve ine nditapita." Ndinapita. Ndili kukhola ndinkawaona akulankhula okha, akuloza ndi chala ngati pali kalasi patsogolo pawo. Analankhula nthawi yaitali. Ndinatumiza fayiloyo osamvera, chifukwa ndinali mwana wawo ndipo anandiphunzitsa kusunga pangano.

Tsopano za kugwa sindichedwapo, poti msewu umenewu nonse mumaudziwa, mabampu ake omwe. Zinayambira ku misonkhano. Anzanga ankati, "Mwana wa aphunzitsi, kamodzi kokha, kotsukira fumbi la m'njira." Kamodzi kanabala Lachisanu lililonse. Lachisanu linabala Loweruka. Lolemba linkafuna kochotsera matsire. Ndinachoka m'mabala a mipando yofewa, ndinafika ku timisewu ta kuseri kwa Kapata kuno, kumene kachasu amathira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ku ofesi ndinkatafuna chingamu, tayi ili pakhosi, chikomekome cha mkuyu. Mkazi wanga analankhula, analira, anaitana ankhoswe, kenaka anatenga mwana wathu wamkazi n'kubwerera kwa makolo ake. Ine ndinauza anzanga kuti nyumba yapeza mpweya.

Chaka choyamba kiyi ndinatumizanso bwinobwino. Chaka chachiwiri laputopu inasowa. Musandifunse kuti inasowera kuti, chifukwa sindidziwa. Ndinatuluka nayo mu ofesi Lachisanu, ndipo Lamulungu ndinadzuka ndili ndi lamba wa chikwama yekha. Wakubayo sanapindule nayo kanthu, poti nayonso inali yokiya, koma kiyi wanga anapita nayo. Sindinauze munthu. Ndinati palibe vuto, atate ali ndi winayo, ndikatenga sabata yamawa.

Kuchoka kuno kufika ku Madzimoyo si ulendo woti munthu n'kumanga kamba. Koma kupita kumeneko kunali kukakhala pafupi ndi atate, ndipo atate anali ndi mphuno ya mphunzitsi. Ndinkati ndiyambe ndakhala masiku angapo osamwa, ndikapite ndili woyera. Masiku amenewo sanakwane. Zengerezu analinda kwawukwawu. Atate anayamba kudwala, ndinkangoimba foni m'mawa, lilime lisanalemere. Ankandifunsa, "Ubwera liti?" Ndinkati ntchito yachuluka. Ankangokhosomola.

Anamwalira nthawi yokolola. Pamaliro ndinapita, musaganize kuti sindinapite. Koma m'mawa wa tsiku loika, nyimbo za amayi a mpingo zitandifika pamtima, ndinazemba ndi mnzanga wina womwa naye, amene tinkamutcha Sitima, kupita pa kagolosale ka kumsewu. Ndinati kamodzi kokha, kolimbitsira mtima. Tili pomwepo foni inalira. Anali mlongo wanga Esinati.

"Achimwene, muli kuti? Amayi akukufunani. Akufuna akufunseni kanthu asanatseke bokosi."

"Kanthu kanji?"

"Sanandiuze. Akuti mubwere nokha."

"Auze achite zimene aona kuti n'zabwino. Ine ndikubwera."

Ndinafika adzukulu akukwirira. Anthu anandipatsa njira osandiyang'ana kumaso.

Maliro atatha ndinamwa ngati ndalembedwa ntchito. Ndinali nditatchera kuti kompyuta izinditumizira imelo yondikumbutsa tsiku la kiyi likamayandikira. Maimelowo anabwera. Ndinawapeza pambuyo pake, ali chikhalire osatsegula.

Tsiku lina m'mawa ku ofesi kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Mtenguleni, amayi a Jere. Amuna awo tinawajambula chaka choyamba, nkhalamba yanthabwala yoimba ngoma, ndipo anali atangomwalira. Mayiwo anatsika pa njinga ya kabaza atanyamula kathumba ka mbatata. Anakhala pampando, anakonza duku, n'kunena kuti, "Mwananga, ndabwera kudzamva abambo akunyumba. Anandiuza kuti anandisiyira mawu kuno."

Ndinatsegula kompyuta ya mu ofesi monyadira. Mafayilo onse analipo, mayina ali ndondondo. Ndinadina pa dzina la a Jere. Inakana. Ndinadinanso. Inandiuza kuti kiyi anatha mphamvu, nditumizenso. Ndinayesa fayilo ya atate, imene kuyambira pamaliro ndinkaiopa kuitsegula ndili woledzera. Inakananso. 

"Netiweki yavuta lero, amayi. Mubwere sabata yamawa."

"Palibe kanthu, mwananga. Ndawadikira kuchokera ku migodi zaka zambiri, sabata imodzi si kanthu."

Anandisiyira mbatata zija. Sabata yotsatira anabweranso, ndipo ndinanamanso.

Apa ndiye ndinakwera basi ya ku Madzimoyo. Mtima unali m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti kafulashi kali m'jekete, ndipo jekete lili m'bokosi la zovala kuchipinda. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Amayi ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, pamalo pomwe paja ndinajambulira atate. Anali ataonda. Anandilonjera ngati ndinachoka dzulo, anandipatsa madzi, anandifunsa za mwana. Ine ndinkangoyang'ana chitseko.

"Amayi, ndabwera kudzatenga kanthu kaja ndinasungitsa atate. Kaja munasokerera m'jekete."

Manja awo anaima. Anaika mtedza umene unali m'manja m'lichero, pang'onopang'ono, ngati ungasweke.

"Jekete lakuda lija?"

"Lomwelo."

"Yotamu, atate ako tinawaveka chiyani?"

Abale, ine pamaliro a atate anga sindinaone nkhope yawo. Sindinkadziwa chimene anavala. Amayi anaona kuti sindikudziwa. Ndikhulupirira kuti zimenezo zinawapweteka kuposa zonse.

"Anapita nalo," anatero. "Ndi limene ankavala ku tchalitchi, tikanawaveka liti? Adzukulu atamaliza kuwasambitsa anandiitana kuti ndione ngati zonse zili bwino. Ndikukonza kolala, dzanja langa linakhudza kanthu kaja. Ndinali ndi lezala pomwepo, ndikanatha kung'amba ulusi. Koma ndinakumbukira mawu awo, oti sapatsa wina aliyense, ngakhale ine, mpaka mwini wake adzatenge yekha. Munthu amene sanathyolepo pangano moyo wake wonse, ine ndimuthyolere ali gone? Ndiye ndinatuma Esinati akuitane. Tinadikira. Abusa anayang'ana wotchi, anthu anayamba kung'ung'udza, ine ndinati dikirani pang'ono, mwana akubwera. Kenaka Esinati anati wanena kuti ndichite zimene ndaona. Ndinaganiza kuti kanthuko ulibe nakonso ntchito. Ndinawasiyira."

Nkhuku inabwera kudzajompha m'lichero, palibe anaiingitsa.

"Kanali kofunika?" anafunsa.

Ndinawauza. Ndinawauza kuti wanga ndinataya, kuti wa pa kilaudi anatha, kuti popanda kafulashi kaja mawu onse amene tinajambula sadzatsegukanso. A Jere, nkhalamba zonse zija, ndi atate omwe. Amayi anagwira pakamwa.

"Ndiye nyimbo ija anaimba pano, sitidzaimvanso?"

"Ayi."

"Ndi mawu ako aja?"

"Ayi, amayi."

"Mayo ine. Ndalakwa ine."

Ndinanyamuka osatsazika. Mukudziwa kumene ndinapita. Pa kagolosale kaja ndinamupeza Sitima, poti kwawo n'komweko. Ndinaitanitsa botolo, ndinamusimbira zonse. Iye anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye ukulira chiyani, bwana? Kanthu ukudziwa pamene kali. Pulasitiki saola. Tipeze anyamata awiri, makasu awiri, palibe adziwe."

Pano ndikufuna mundimvetsere, chifukwa pansi penipeni panga panali pamenepa. Sindinamumenye. Sindinamukalipire. Ndinayamba kuganiza. Ndinaganiza kuti mvula sinagwe chiikireni maliro, dothi likadali lofewa. Ndinaganiza za khasu la atate limene linali kuseri kwa nkhokwe, lija la mpini watsopano. Ndinafika mpaka poganiza mbali ya jekete imene kuli kathumbako. Ndiye ndinadzimva ndekha. Ine Yotamu, amene anandiitana kuti ndidzaone atate anga ndi ulemu masana, anthu akuimba, n'kukana chifukwa cha botolo, tsopano ndikukonza zokawafukula ngati fisi, botolo lomwelo lili patsogolo panga. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Botolo linali lotsegula kale. Ndinalikankhira kwa Sitima n'kutuluka. Ndinalunjika kunyumba.

Pakhonde panalibe munthu, nkhuku zili m'lichero. Ndinalowa m'nyumba. Amayi anali atakhala pansi kuchipinda, bokosi la zovala lili chitsegukire. Zovala zambiri za atate zinali zitagawidwa kwa abale, panangotsala malaya awiri, buluku lakumunda ndi chijasi chakale cha mvula. Amayi ankapisa m'thumba lililonse, kulitembenuza, kupapasa m'mipendero. Akamaliza ankayambiranso. Anali akudziwa bwinobwino kumene kanthuko kali, poti anasoka ndi manja awo. Koma ankafunafunabe.

"Mwina ndinasokoneza," anatero osandiyang'ana. "Mwina ndinasoka mu china. Mutu wangawu wakalamba."

Mayi wamasiye akudzinamiza yekha kuti asenze mlandu wa mwana wake woledzera. Ndinagwada pamenepo, ndinawalanda chijasicho, n'kunena mawu amene ndinali ndisananenepo kwa munthu aliyense.

"Amayi, simunalakwe. Munandiitana. Ndinali kumowa. Ndine chidakwa, amayi, ndipo pandekha ndalephera."

Sanandilalikire. Anangoti, "Ndimadziwa. Atate akonso ankadziwa. Tsopano poti wanena wekha, ugone konkuno."

Za kubwerera ndinena zimene ndinachita, osati zimene ndinamva mumtima, chifukwa mtima masiku amenewo sunkandithandiza. Ndinakhala ku Madzimoyo. Masiku oyamba thupi linandiukira, kunjenjemera, kusanza, kuona zinthu pakhoma. Esinati ananditengera ku chipatala, ndipo ndikukupemphani, amene mwamwa zaka zambiri musasiye nokha m'nyumba ngati mpikisano, pitani akakuoneni. Nditapeza mphamvu ndinataya simu khadi yakale, nambala yatsopano ndinapatsa anthu owerengeka. Njira ya pa kagolosale ndinaisiya, ndinkazungulira kudimba ngakhale kuli kutali. Ndinaswa mtedza wa amayi wonse mpaka zala zinachita matuza.

Kenaka ndinayamba kuyenda kukanena zoona, ndipo izi zinali zowawa kuposa kunjenjemera. Ndinalembera eni kilaudi kuwapempha. Anandiyankha mwaulemu kuti kiyi wathu alibe, ndipo sangakhale naye, poti n'zimene ife tinasankha. Sanalakwe. Ndinaima pamaso pa komiti, mpando wa atate utakhalidwa ndi wina, n'kufotokoza zonse kuyambira pa laputopu. Ntchito inatha tsiku lomwelo, ndipo ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi.

Kotsiriza ndinapita ku Mtenguleni. Amayi a Jere ndinawapeza akuanika ufa. Anakondwa, ankayesa ndabwera ndi makina. Ndinakhala pansi, ndinawauza kuti netiweki sinavutepo, ndinavuta ndine. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusalaza ufa ndi dzanja.

"Ndiye abambo akunyumba amwalira kawiri," anatero.

Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi mlendo aliyense, koma sanandiuze kuti ndidzabwerenso. Mpaka lero ndikadutsa kumeneko ndimayang'ana pansi. Pali zina zimene kusiya mowa sikubweza, ndipo ndikunama ndikakuuzani kuti zonse zinakhala bwino.

Gulu lino la ofuna kusiya mowa ndinalipeza nditabwerera m'tauni. Loweruka loyamba ndinakhala pafupi ndi chitseko, apo pakhala achimwene a kapu yofiirawo. Khalani pomwepo, palibe akuthamangitseni, inenso ndinayambira pamenepo. Ndinapeza munthu mmodzi woti ndizimuimbira khosi likayamba kuyabwa, ndipo ndimamuimbira ndisanafike pa bala, osati nditatuluka. Ndinayamba kukonza mafoni ndi makompyuta pa kabenchi. Mkazi wanga sanabwerere. Timalankhulana, mwana amabwera pa holide, ndipo ndimadikira osakakamiza. Ndimawasowa tsiku lililonse.

Patapita nthawi, a kabungwe kaja anandiitana kuti ndizithandiza mongodzipereka, pansi pa mtsikana amene analowa m'malo mwanga. Tinayambiranso kujambula amene akadali moyo. Kiyi watsopano ndi wathube, chifukwa atate sanalakwe kufunsa funso lija. Koma tsopano ali m'manja mwa anthu atatu, m'nyumba zitatu, ndipo aliyense a m'banja lake akudziwa kuti kanthuko n'chiyani ndiponso kuti mwini akamwalira kapite kwa yani. Pakapita miyezi ingapo timakumana, wina amatulutsa wake, timayesa kumutumiza pamaso pa onse kuti tione ngati akutseguladi. Tsiku lotha mphamvu linalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu. Ine pa atatuwo sindilipo. Ndinapempha ndekha kuti ndisakhalepo.

Munthu woyamba amene ndinamujambula nditabwerera anali amayi. Tinakhala pakhonde pomwe paja. Ndinawapempha kuti asimbe zonse zimene akukumbukira kuti atate ananena tsiku lija, poti iwo anali m'khitchini akumva. Anasimba za mishoni, za ulendo wapansi, anaimba ndi nyimbo ija, ngakhale mawu awo ndi ang'ono. Ndinawafunsa za mawu anga aja. Anati atate atandituma kumbuzi, iwonso anawatuma kumjigo.

Titamaliza ndinabweza pang'ono kuti ndione ngati zajambulika. Poyambirira penipeni, amayi asanalankhule, panamveka munthu akukhosomola pang'ono n'kunena pansipansi kuti, "Tiyeni tione bwino." Amayi anadzidzimuka, anagwira mkono wanga.

"Bweza."

Ndinabweza. Anali mawu anga, ndikuyesa makina. Sindinadziwe n'komwe kuti ndanena.

"Ndi iwowo," anatero amayi, misozi ili mbwembwembwe. "Zaka zonsezi mowa unakubisa mawu. Bwezanso."

Ndinabweza kangapo, mpaka anati basi. Ine ndikudziwa kuti si iwo. Mawu anga sangandiuze zimene atate analoza ndi chala tsiku lija. Kaya anandidzudzula, kaya anandidalitsa, kaya anangondiuza za malire a munda, sindidzadziwa. Mafayilo akale aja a komiti anafuna kuwafufuta, poti ndi katundu wosatseguka. Ndinawapempha kuti asiye. Nthawi zina ndimatsegula kompyuta n'kuyang'ana dzina la atate pamndandanda. Ali pomwepo, mawu onse ali m'kati, palibe limene linatayika. Ndimakhala kanthawi, kenaka ndimatseka n'kupita kukagwira ntchito.

Atate anati asunga kiyi mpaka mwini wake adzatenge yekha. Akusungabe.

Ndiye inu amene mwabwera lero fungo likadali m'malaya, sindikuuzani kuti mowa udzakuphani, poti zimenezo munamva kale ndipo simunaope. Ndikungokuuzani kuti tsiku lina foni yanu idzalira, wina adzati bwerani msanga, pali kanthu tikufuna tikufunseni. Sadzakuuzani kuti n'kanthu kanji. Tsiku limenelo mudzakhale oti mukhoza kuimirira n'kupita.

Tiyi uja wazizira chifukwa cha ine, amayi mundikhululukire. Zikomo.